Buku la Njanji Limene Napolo Analephera Kulikokolola

Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Choko ndinachigwira m'sukulu za pulayimale za ku Thyolo ndi kuno ku Blantyre mpaka imvi zinamera. Kulemba mabuku si ntchito yanga, ndipo palibe amene anandituma. Komabe kuyambira mu 2016 ndakhala ndikulimbana ndi buku limodzi lofotokoza mbiri ya njanji ya dziko lino m'Chichewa, ndipo lero ndikuchitira umboni kuti bukulo latha.

Ku mlaga wathu tili ndi mwambo woti pamsonkhano womaliza wa chaka aliyense amaimirira n'kunena zimene Mulungu wamuchitira. Ena amanena za ana amene akhoza mayeso, ena za malata amene akhoma padenga. Ine chaka ndi chaka ndinkanena pamene buku lafika, moti anzanga anachita kundipatsa dzina loti a Sitima. Umboni uwu ndiulondoloza momwemo, motsatira zaka, chifukwa m'menemo ndimo dzanja la Mulungu likuonekera bwino.

Amene anandiyambitsa zonsezi ndi bambo anga. Iwo anali wokoleza moto m'mutu wa sitima nthawi imene kampani inkatchedwa Nyasaland Railways, ndipo ife tinakulira ku Mpingwe, m'nyumba za kampani, pafupi ndi Limbe kumene kunali likulu ndi malo okonzerako injini. Akaweruka ankafika ali bii ndi malasha, maso okha mbee, mayi atatereka kale madzi osamba. Pamikono pawo panali zipsera za chitseko cha ng'anjo. Ulendo umene ankaudandaula kwambiri unali wochokera ku Chiromo. Sitima inkanyamuka m'chigwa chotentha, n'kumakwera motsatira mtsinje wa Ruo kudzera ku Sankhulani, Thekerani ndi Sandama, kenako Khonjeni ndi Luchenza, mpaka ku Limbe, kukwera mamita oposa 1,000. Njira yonseyo fosholo sinkakhala pansi. Wokoleza moto akafooka nthunzi inkachepa, sitima n'kuima pachitunda, ndipo mlandu unkagwera iyeyo. Bambo anapita ndi nkhani zawo kumanda. Nditapuma pantchito, mdzukulu wanga wina wamng'ono anandifunsa ngati ku Malawi kunalidi sitima zoyendera moto kapena n'za m'mafilimu chabe. Funso limenelo linandisowetsa tulo.

Mu 2016 ndi 2017 ntchito inali yowerenga. Ndinkapita ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, ndipo penshoni ikalowa ndinkakwera minibasi ya ku Zomba kukafufuza ku National Archives. Kumeneko ndiko ndinamva chifukwa chake njanji inabwera. Isanabwere, katundu wochokera kunja ankadza pa sitima za pamadzi kudzera m'Zambezi ndi m'Shire, kenako amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Madzi a m'Shire atayamba kuchepa, sitimazo zinkakakamira pamchenga, ndipo eni minda ankadandaula kuti anthu amene akanawalimira akuthera kosenza katundu. Mu 1895 Eugene Sharrer, mmodzi wa azungu a minda ikuluikulu, anakhazikitsa kampani ya Shire Highlands Railway. Kuyala njanji kunayamba mu 1903, ndipo pofika mu 1908 sitima inkayenda pakati pa Blantyre ndi Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, mtunda wa mamailosi 113. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo anauika pa mamilimita 1,067, mofanana ndi njanji za ku South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique. Mitu ya sitima iwiri yoyambirira inali ndi mayina, Thistle ndi Shamrock, ndipo mwana wofuna kuona mutu wa sitima wa masiku amenewo mupite naye ku Museum ya ku Chichiri.

Shire anapitirizabe kuphwa, motero mu 1914 njanji anaitalikitsa kufika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, m'dziko limene linali m'manja mwa Apwitikizi. Mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia inalumikiza tsidya linalo ndi doko la Beira, koma pakatipo panali mtsinje: katundu ankamutsitsa, kumuwolotsa pa zombo, n'kumukwezanso. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.6 pakati pa Mutarara ndi Sena, unatsegulidwa mu 1935, chaka chomwe njanji yolowera kumpoto inafika ku Salima. Ndinawerenga zimene analemba katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail, kuti ngongole za njanji zimenezi anazisenzetsa boma la Nyasaland, moti ndalama za msonkho zimene zikanatukula dziko zinkathera kobweza ngongolezo. Ndinawerenganso buku la Landeg White lonena za mlatho uja. Makope anga anadzaza ndi zaka, mamailosi ndi mapaundi.

Koma m'mafailo onsewo munali mayina a mainjiniya achizungu ndi matani a fodya, tiyi ndi thonje. Amene anagumula mapiri a ku Thekerani ndi mapiki, amene anaimika zipilala m'matope a Zambezi, ankangolembedwa chiwerengero: antchito akuda akutiakuti. Bambo anga munalibe. Pa mlaga wa Disembala 2017 ndinanena kuti mafupa a buku ndawapeza, koma mnofu palibe.

Choncho mu 2018 ndi 2019 ndinatseka mafailo n'kuyamba kufunafuna anthu. Nthawi ya holide ndinkayenda ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene anali ku sekondale, kuti azindinyamulira chikwama. Tinakwera sitima ya anthu yochokera ku Limbe kudzera ku Lirangwe mpaka ku Nkaya ndi Balaka, kenako kulowera ku Liwonde ndi Nayuchi, pa njanji imene inatsegulidwa mu 1970 kuti dziko lino lifikire doko la Nacala. Sitimayi ikangoima, amayi amathamangira m'mawindo ndi malichero a nthochi, chinangwa chophika ndi nzimbe, pamene m'mabogi mukulowa matumba a makala, madengu a tomato, njinga ndi nkhuku zomanga miyendo. M'midzi ina ya m'njiramo galimoto safika nthawi ya dzinja, ndipo tsiku la sitima ndilo tsiku la ndalama.

Ku Balaka tinacheza ndi mkulu wina amene anali kapitawo wa okonza njanji. Anatiuza kuti mvula yamphamvu ikagwa usiku, iwo ankadzuka kukada n'kuyenda wapansi m'njanji ndi nyundo ndi mbendera yofiira, kuona ngati madzi afukula pansi pa zitsulo kapena pakhwawa lina. Ankagogoda chitsulo n'kumvetsera: cholimba chimalira mosiyana ndi chimene bawuti yake yamasuka. Anthu mazana ankagona tulo m'mabogi osadziwa kuti moyo wawo wadalira khutu la munthu amene sanapiteko kusukulu.

Kumwera zinthu zinali zina. Madzi osefukira a mu 1997 anadula njanji pakati pa Makhanga ndi Bangula, cha ku Chiromo, ndipo a mu Januwale 2015 anaononganso mbali imene inatsala, moti sitima inaleka kufika ku Makhanga. Ku Sankhulani tinapeza gogo wina wamkazi amene anaphunzitsa ana ake ndi ndalama za nthochi zogulitsa pasiteshoni. Anatilozera njanji yomera udzu nati, “Aphunzitsi, kale wotchi yathu inali imeneyi. Lero mbuzi ndizo zimagonapo.”

Amene anasintha buku langa ndinawapeza ku Luchenza. Anali mkulu woyendera ndodo, amene anayamba ntchito yopukuta injini ali mnyamata, n'kukhala wokoleza moto, mpaka kudzakhala dalaivala dziko litalandira ufulu. Nditatchula dzina la bambo anga anandiyang'anitsitsa, nagwira dzanja langa osalisiya. “Ndiwe mwana wa uja? Khala pansi, mwana wanga. Bambo ako ndinadya nawo nsomba ya pafosholo.” Anafotokoza kuti pa ulendo wautali ankatsuka fosholo n'kuwotcherapo nsomba za ku Chiromo pakamwa pa ng'anjo. Anafotokoza luso la ntchitoyo: malasha suthira mulu pamalo amodzi, umamwaza mopyapyala mpaka m'makona, uku diso lili pa galasi loonetsa madzi a m'boyila, ndipo moto umaukonzeratu chitunda chisanafike. Anafotokoza mmene ntchito inagawidwira nthawi ya atsamunda: azungu pamwamba, amwenye pa ntchito zambiri zaluso ndi zoyang'anira masiteshoni, anthu akuda pa fosholo, pa piki ndi posenza katundu, ngakhale amene ankaidziwa injini kuposa bwana wake. Anakamba za sitalaka ya mu 1960, pamene antchito a njanji ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Za sitalakayo ndinali nditawerenga m'nkhani ya John McCracken, koma kumva mmene amayi a ku Mpingwe ankagawanirana ufa masiku amenewo kunali kwina. Anakambanso za zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala yomwe, mlatho wa Dona Ana utaphulitsidwa, katundu wa dziko lino akuzungulira mtunda wautali pamsewu, madalaivala akungoswera m'yadi ku Limbe osadziwa ngati mawa ntchito ikhalapo.

Ine ndinkalemba m'kope mothamanga, koma mkuluyo anali ndi liwiro. Mdzukulu wanga anati, “Agogo, dzanja lanu likutsalira. Bwanji ndiziwajambula mawu pafoni?” Mkuluyo anaseka n'kuvomera, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amene tinacheza naye tinkamupempha chilolezo chomujambula mawu. Tikafika kunyumba mawuwo tinkawasamutsira mu laputopu imene mwana wanga wa ku Johannesburg, bambo wa mtsikanayu, ananditumizira.

Mu Epulo 2020 matenda a Covid-19 anafika m'dziko muno, maulendo n'kuthera pomwepo. Ndinakhala pakhomo n'kumataipa ndi zala ziwiri. Mu Januwale 2021, pamene matendawa anavuta koopsa, akuluakulu angapo mwa amene ndinacheza nawo anatisiya, kuphatikizapo adalaivala a ku Luchenza aja. Kumaliro awo sindinapiteko chifukwa cha malamulo a nthawiyo. Chaka chomwecho maso anga anayamba kuchita chifunga. Zilembo zinkaoneka ziwiriziwiri, kenako zinasowa. Madokotala anati ndi ng'ala, ndipo ku chipatala cha Gulupu anandichita opaleshoni diso limodzi, linalo pambuyo pake. Tsiku lochotsa bandeji ndinawerenga mokweza kalendala ya pakhoma, anamwino n'kuseka. Pa mlaga wa chaka chimenecho ndinati buku silinasunthe kwenikweni, koma wolemba wabwezeredwa maso.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunafika poipa. Ndinkadzuka pakati pa usiku magetsi akayaka, n'kutaipa mpaka atazimanso. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pofika Disembala 2022 ndinaimirira pa mlaga ndi chimwemwe n'kulengeza kuti kwatsala mutu womaliza wokha, ndipo Pasaka asanafike bukulo lipita kosindikiza. Anthu anaomba m'manja.

Nyumba yathu inali ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mvula ya namondwe wa Freddy inagwa osalekeza kuyambira kumapeto kwa sabata, ndipo Lolemba pa 13 Malichi 2023 tinamva chimkokomo chochokera kuphiri, chosiyana ndi bingu chifukwa sichinkatha. Wina panja anakuwa kuti, “Napolo! Thawani!” Mayi a kunyumba anandikoka dzanja. Nditatembenuka kuti ndikatenge chikwama cha laputopu kuchipinda, anandigwira malaya nati, “Bambo, mukalowa mmenemo ndilowa nanu, tikafere limodzi.” Tinatuluka opanda nsapato. Titafika pamalo okwera n'kucheuka, khoma la kuchipinda linali litagwa, matope osakanikirana ndi miyala ndi mitengo akudutsa pamene panali bedi lathu.

Mvula itakata ndinabwerera ndi khasu. Laputopu sinapezeke. Kafulashi kamene ndinkasungiramo kope lachiwiri la buku kanali m'thumba la chikwama chomwecho. Katoni ya makope ndinaipeza patali ndi nyumba, itakodwa pamizu ya mtengo. Mapepala anali atamatana pamodzi, ndipo ndikayesa kutsegula, tsamba linkatsalira m'zala, inki itasungunuka n'kusiya mabanga abuluu okhaokha. Zolemba, zithunzi ndi mawu a akuluakulu aja, zonse zinapita tsiku limodzi.

Apa ndipo ndikufuna mundimvetse, abale. Tinkagona m'kalasi pasukulu ina pamodzi ndi mabanja ena. Pafupi ndi mphasa yathu panali mayi amene anataya ana awiri, ndipo mtembo wa mmodzi sunapezeke. Anyamata ankaswera kukumba matope ndi makasu kufunafuna abale awo. M'dziko muno anthu mazanamazana anafa ndi namondwe ameneyu, ambiri osapezeka n'komwe. Ine banja langa lonse linali lamoyo. Ndiye ndikanalira bwanji mapepala pamaso pa mayi uja? Ndinatseka pakamwa. Anthu akandifunsa za buku ndinkati, “Bola moyo,” ndipo zinali zoona, koma mkatimu ndinkatha. Zaka ndi mamailosi ndikanakazipezanso ku Zomba. Akuluakulu aja ndiwo anali m'manda. Anandipatsa nkhani zawo kuti ndisunge, ndipo mumtima mwanga anali atamwalira kachiwiri, ulendo uno m'manja mwanga.

Tinapeza nyumba ya lendi ku Bangwe. Sitima ikaliza hutala cha ku Limbe ndinkatseka mawindo. Magazi anayamba kuthamanga, chakudya sichinkalowa, kupemphera kunkandikanika. Ku tchalitchi ndinkapita, koma ndinkakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mu Novembala kwacha anaitsitsa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kukwera, ndipo ndinadziuza kuti ngakhale bukulo likanakhalapo sindikanatha kulisindikiza. Mlaga wa Disembala 2023 tinachitira m'nyumba yobwereka, popeza ambiri tinali titabalalika. Nthawi yanga itakwana ndinaimirira, kuthokoza chifukwa cha moyo, n'kukhala pansi. Mkulu wa mpingo anafunsa kuti, “Nanga a Sitima, buku?” Ndinayankha kuti buku linapita ndi madzi ndipo nkhani yake yatha. Iwo sanandidzudzule. Anapempha kuti tonse tigwade, napemphera kuti Mulungu amene anasunga wolemba achite chimene chimukomera ndi zolembedwazo. Ameni wanga sanamveke.

Masiku omwewo mwana wanga wa ku Johannesburg anafika pa basi kudzationa, koyamba chichitikire ngoziyo. Madzulo a Chaka Chatsopano, titatha kudya, anatulutsa foni yakale yomangidwa ndi mphira, naiika patebulo. “Ababa, tamverani izi.” Munamveka tambala akulira, munthu akutsokomola, kenako mawu: “Mwana wanga, ulembe bwinobwino. Chitunda cha Thekerani sichinkafuna munthu wanjala.” Anali adalaivala a ku Luchenza. Ndinapezeka ndaimirira osadziwa kuti ndaimirira liti. Mayi a kunyumba analiza nthungululu. Ine ndinalira misozi yonse imene ndinaisunga kuyambira mu Malichi, pamaso pa ana ndi adzukulu, popanda manyazi.

Nkhani yake inali yotere. Foni ya mdzukulu wanga inali yochepa malo, ndiye masiku a maulendo aja akajambula mawu ankawatumiza kwa bambo ake pa WhatsApp, kuopa kuti angasowe tisanafike kunyumba. Bambo akewo, amene amagwira ntchito ya ulonda, ankawamvetsera usiku akasowa Chichewa cha kwawo. Kenako anagula foni ina, yakaleyo itasweka galasi n'kuiponya m'sutikesi, ndipo onse awiri anaiwalako. Mayi a kunyumba, amene ankaona zonse osalankhula, ndiwo anamuimbira mwanayo n'kumuuza kuti, “Bambo ako sakudwala magazi okha. Akulira anthu awo aja.” Pamenepo ndipo anakumbukira, napita nayo foniyo kwa wokonza mafoni. Si mawu onse amene anapezeka. A gogo a ku Sankhulani anasowa, ndipo zimene ndalemba za iwo n'zimene ine ndi mdzukulu wanga tikukumbukira. Koma ambiri analimo, pamodzi ndi zithunzi za masamba ena a makope anga. Taonani, abale: phiri la Soche lisanaganize zogumuka, Mulungu anali atasunga kale mawu a anthu akufa m'sutikesi ya mlonda, kutsidya kwa Limpopo.

Mu 2024 tinayambiranso. Laputopu ndinalibe, choncho ndinagula makope a ana asukulu. Mdzukulu wanga, amene tsopano anali ku koleji, ankabwera Loweruka. Iye ankayatsa mawu pang'ono n'kuimitsa, ine n'kulemba, ndipo pamene mano a wolankhula anameza liwu tinkabwereza mpaka titagwirizana. Tikamaliza tsamba ankalijambula n'kulitumiza tsiku lomwelo kwa bambo ake ndi kwa azakhali ake ku Mzuzu. Polemba kachiwiriku bukulo linatuluka lina. Loyamba lija linkayamba ndi makampani a ku London, anthu athu n'kubwera chakumapeto. Tsopano chimene ndinali nacho m'manja anali mawu a anthu, ndiye mutu uliwonse unayamba ndi munthu: wokoleza moto, kapitawo, mayi wogulitsa nthochi, mtchona amene anakwera sitima kudzera ku Dondo kupita ku Salisbury n'kubwerako tsitsi litayera. Zaka ndi ziwerengero ndinabwerera ku Mandala ndi ku Zomba kukazitolanso, n'kuziika mozungulira mawuwo kuti wowerenga adziwe kuti zinachitika liti ndiponso chifukwa chiyani. Buku loyamba likanasindikizidwa, bwenzi likufanana ndi mafailo amene ndinkadandaula nawo aja. Sindikunena kuti Mulungu anagwetsa phiri chifukwa cha buku langa. Mayi uja amene anataya ana akadali ndi chisoni mpaka lero, ndipo yankho la funso lake ine ndilibe. Ndikunena chabe zimene Mulungu anachita ndi zotsala zanga.

Mbiri itamveka kumpingo kuti a Sitima ayambiranso, anthu anayamba kubwera ndi zinthu. Mayi wina wa Mvano anabweretsa nyale ya bambo ake, ya magalasi ofiira ndi obiriwira, imene ankaimitsira ndi kunyamutsira sitima usiku. Wina anabweretsa khadi la ntchito la agogo ake, wina chithunzi cha timu ya mpira ya antchito a njanji. Mwa anthu amenewa ndinapeza mboni za zaka zaposachedwa: amene anayala njanji yochokera ku Salima, imene inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada n'kupitirira ku Mchinji mu 1980, amene ntchito inawathera m'zaka za m'ma 1990, njanji isanaperekedwe m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, amene anaona njanji ikufika ku Chipata mu 2010, ndi achinyamata amene akudziwa sitima zazitali za malasha a ku Moatize zodutsa pa Nkaya kupita ku Nacala. Chaka chomwecho cha 2024 sitima yochokera ku Beira inafikanso ku Marka patapita zaka zambirimbiri, ndipo nkhani imeneyo ndiyo inakhala mutu womaliza, umene mu 2022 unkandisowa. Pa mlaga wa Disembala ndinaimirira ndi kope m'manja n'kuwerenga ndime imodzi, mkulu wa mpingo uja akungogwedeza mutu.

Mu 2025 mnyamata wina wa kwaya, amene ali ndi kabizinesi kotaipa ndi kuchita fotokope ku Limbe, anataipa buku lonse osalipiritsa, madzulo akatseka. Aphunzitsi anzanga opuma anakonza kalembedwe, n'kundibwezera masamba ofiira ndi cholembera monga tinkachitira ndi ana. Mtengo wosindikiza unali woopsa. Mayi a kunyumba anabwereka ku banki m'khonde, ana anasonkha, ndipo tinasindikiza mabuku ochepa amene ndalamazo zinakwanira. Loyamba ndinapita nalo ku Luchenza kwa mayi amasiye a adalaivala aja. Iwo sadziwa kuwerenga, choncho mdzukulu wawo anawawerengera mutu wa amuna awo pakhonde, anthu a m'mudzi atazungulira. Atafika pa nsomba ya pafosholo, gogoyo anaseka mpaka misozi nati, “Ndi iwowo! Ankabwera kunyumba atakhuta, ine n'kumaganiza kuti kuli mkazi wina ku Chiromo.”

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha moyo, chifukwa cha maso, ndiponso chifukwa cha mkazi amene anandigwira malaya tsiku lija. Ndikuthokoza mlaga wathu, umene unandipempherera pamene ine ndinalibe pemphero. Kwa inu amene muli ndi chinthu chimene chinakokoloka, kaya ndi bizinesi, maphunziro kapena ntchito ya manja anu, ndipo mukuchita manyazi kuchilira poona kuti ena anataya zoposa zanu, ndikuti muuzeko wina. Mkazi wanga akanapanda kulankhula m'malo mwanga, foni ija ikanakhala m'sutikesi mpaka lero. Ndipo inu achinyamata amene muli ndi mafoni, agogo anu akadali moyo khalani nawo pansi, muwafunse za ntchito imene ankagwira, muwajambule mawu atakulolani, n'kutumiza kwa m'bale wakutali.

Ntchito ikadalipo. Nyasaland Railways inkayendetsanso sitima za panyanja. Sitima ya Ilala anaipangira ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa pa njanji kuchokera ku Beira, n'kuyamba kuyenda mu 1951, ndipo amene anagwira ntchito pa sitima za panyanja masiku akale akutha mmodzimmodzi. Mulungu akalola, dzinja likatha ine ndi mdzukulu wanga tilowera ku Chipoka ndi ku Monkey Bay. Ngati muli ndi m'bale amene anagwirapo ntchito ya njanji kapena ya panyanja, mundiuze kuti ndikacheze naye. Mundipempherere miyendo ndi maso. Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.